Kodi kuvutika maganizo kwa munthu amene akuzolowera moyo wachilendo kumayezedwa bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito m'bungwe laling'ono kuno ku Lilongwe. Timathandiza anthu obwerera kuchokera ku Joni komanso mabanja angapo ochokera ku Congo ndi ku Burundi. Ambiri amadandaula kusowa tulo, mutu ndi kuganiza kwambiri. Amene amatithandiza ndi ndalama akufuna manambala osonyeza mmene kusintha kwa chikhalidwe kukuwavutira anthuwa, komanso ngati thandizo lathu likusintha kanthu. Kodi pali fomu imene tingagwiritse ntchito? Ndine mayi wa ku Area 25.

Yankho: Mayi, mafomu alipo ndithu, ndipo ena anamasuliridwa kale m'Chichewa n'kuyesedwa konkuno. Koma musanapite kukasindikiza mapepala, dziwani kuti mukufuna kuyeza zinthu zitatu zimene zimayendera limodzi. Pali katundu amene munthu wasenza chifukwa chokhala pakati pa anthu a makhalidwe ena. Pali ululu umene katunduyo wabweretsa m'thupi ndi m'maganizo. Ndiye pali mmene munthuyo akukwanitsira ntchito zake za tsiku ndi tsiku. Mukaziunjika zonse pa sikelo imodzi mupeza nambala yoika mu lipoti, koma nambalayo siikuuzani chochita ndi munthu amene wakhala pa benchi patsogolo panu.

Akatswiri anayamba kale kuilondola nkhaniyi. Mu 1960 Kalervo Oberg analemba za kudzidzimuka kumene kumagwira munthu akafika kumalo kumene zonse zimene anazolowera zasowa: sadziwa popereka moni, sadziwa ngati anthu akumuseka kapena akumusekerera, sadziwa mtengo weniweni wa chinthu pamsika. Pambuyo pake John Berry wa ku Canada anati zimenezi tizizitenga ngati kupsinjika, chifukwa si matenda mwa izo zokha, ndipo anthu ambiri amavutika kwa kanthawi kenako n'kukhazikika popanda mankhwala. Berry yemweyo anaona kuti mlendo aliyense amayankha mafunso awiri, kaya akudziwa kaya sakudziwa: kodi ndisunge za kwathu? Kodi ndilowerere za kuno? Wina amagwira zonse ziwiri. Wina amataya za kwawo n'kutengera za eni dera. Wina amadzitsekera ndi anthu akwawo okhaokha. Wina amatayika konsekonse, kwawo samuwerengera, kuno samulandira. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi kafukufuku wambiri wapeza kuti wogwira mbali ziwiri ndiye kawirikawiri amakhala ndi mtendere, ndipo wotayika konsekonse ndiye amazunzika kwambiri. Mafunso awiriwa muwaike pa fomu yanu ngakhale osawapatsa malikisi. Muzikumbukiranso kuti mlendo sasankha yekha: ngati eni dera amutsekera khomo, kudzipatula kwake si mtima wake.

Ntchito yoyamba ndi kumvetsera, fomu ibwera pambuyo. Sankhani anthu 15 mpaka 20 pa gulu lililonse, obwerera ku Joni paokha, a ku Congo paokha, a ku Burundi paokha, amayi ndi abambo pafupifupi mofanana. Aliyense mucheze naye payekha ndipo mumufunse kuti: "Anthu ngati inu akafika kuno amakumana ndi mavuto anji?" Nenani "anthu ngati inu" dala, chifukwa munthu amamasuka kunena za anzake kusiyana ndi za iye mwini. Lembani mawu ake enieni, osawakonza. Akamaliza mufunsenso kuti: "Nanga munthu amene zamukulira amaoneka bwanji? Mumati watani?" Kenako werengani kuti vuto lililonse latchulidwa kangati. Limene latchulidwa ndi munthu mmodzi pa atatu alionse liyenera kulowa pa fomu, ndipo lilowe ndi mawu omwewo amene anthu anenawo.

Pochita zimenezi mudzaona kuti anthu athu satchula dzina la matenda a m'mabuku. Amati ndikuganiza kwambiri, mtima ukundiwawa, mtima suli m'malo, ndili ndi mutu waukulu, BP yakwera, thupi langofooka. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi mawu akuti kufungisisa, ofanana ndi kuganiza kwambiri kwathuku, ndipo anawalowetsa m'fomu yawo ya mafunso 14 yotchedwa Shona Symptom Questionnaire. Fomu imene siifunsa za kuganiza kwambiri imadumpha khomo lenileni lolowera mumtima mwa munthu wa kuno.

Tibwere pa katundu uja. Mafomu odziwika oyezera kupsinjika kobwera ndi chikhalidwe chachilendo ndi angapo. Ya Sandhu ndi Asrabadi ya 1994, imene amaitchula mwachidule kuti ASSIS, ili ndi mafunso 36, lililonse malikisi 1 mpaka 5, ndiye onse pamodzi amayambira 36 kulekeza 180. Imafunsa za kusalidwa, kupukwa kumudzi, kumva kuti anthu akudana nawe, mantha, kudzidzimuka ndi kusintha, ndi kudziimba mlandu kuti unasiya abale. Ina ndi SAFE ya Mena, Padilla ndi Maldonado ya 1987, imene yaifupi yake ili ndi mafunso 24. Ina ndi Riverside Acculturation Stress Inventory ya 2005, ya mafunso 15 m'magawo asanu: chilankhulo, ntchito, kukhalirana ndi anthu a mitundu ina, kusalidwa, ndi kusowa anthu a mtundu wako pafupi. Zonsezi zinapangidwira ku America, ndipo ziwiri zoyambazo anaziyesa pa ophunzira a m'mayunivesite. Mayi wogulitsa mandasi ku Mgona sangayankhe bwino funso limene linalembedwera mwana wa sukulu wokhala m'hositelo ya ku America. Ine ndingakulangizeni kuti mutenge magawo asanu a Riverside ngati mafupa, mnofu wake muutenge m'mawu amene munalemba pomvetsera paja. Mafunso 12 mpaka 15 akwana.

Afunseni motere: "M'masiku 30 apitawa, chinthu ichi chakuvutani bwanji?" Ndiye muzitchula chimodzichimodzi. Kulephera kufotokoza vuto lanu kuchipatala chifukwa cha chilankhulo. Kuitanidwa ndi dzina la mtundu wanu anthu akudziwa dzina lanu. Kukwezeredwa mtengo wogulitsa akangomva kalankhulidwe kanu. Ana anu kukana chilankhulo cha kwanu kapena kusekedwa nacho kusukulu. Kusowa opemphera nawo mmene munazolowera. Kupukwa abale. Kusadziwa zoyenera kuchita m'dera mukagwa maliro.

Funso la maliro ndimaliona lolemera kuposa mmene limamvekera. Ku Kawale, ku Chinsapo, ku Mtandire, munthu amayezedwa pasiwa. Uthenga ukamveka, amayi amakathandiza kuphika ndi kutunga madzi, abambo amakachezera pamoto usiku, nyumba iliyonse imaponya chipepeso ndipo wina amalemba mayina. Mlendo amene sakudziwa zimenezi amatseka chitseko poganiza kuti akupereka ulemu ku banja losamudziwa, koma anthu amati ndi wodzikonda. Tsiku limene zamugwera iyeyo amadabwa kuona pakhomo pali zii. Munthu akakuuzani kuti anapita pamaliro a m'dera ndipo anadziwa pokhala ndi chochita, mwaphunzira zambiri za kukhazikika kwake kuposa zimene mafunso khumi a m'buku angakuuzeni.

Tsopano pali msampha umene umagwira mabungwe ambiri, ndipo ndikufuna tiimepo pang'ono. Si vuto lililonse la mlendo limene ndi la chikhalidwe. Malamulo a dziko lino amafuna kuti othawa kwawo azikhala kumsasa, ndipo mwayi wawo wogwira ntchito ndi wochepa. Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994 kuti uzisunga anthu pafupifupi 12,000, koma anthu ake anapitirira 50,000. Mu 2023 boma linasamutsa othawa kwawo ambiri amene ankakhala m'matauni kuwabwezera kumsasako. Ndiye bambo wa ku Burundi akamakuuzani kuti sagona, mwina si nsima kapena Chichewa chimene chamuvuta. Mwina akumvetsera galimoto iliyonse imene yaima panja usiku. Mu 2010 Kenneth Miller ndi Andrew Rasmussen anasonyeza kuti ngakhale pakati pa anthu amene anaona nkhondo, gawo lalikulu la kuvutika maganizo limachokera ku mavuto a lero: njala, nyumba, ntchito, chitetezo. Ku Australia Derrick Silove ndi anzake anapanga mndandanda wofunsa za mavuto otere pakati pa ofuna malo othawirako, monga mapepala, chilolezo cha ntchito ndi kupatukana ndi banja.

Choncho fomu yanu ikhale ndi gawo lapadera la mavuto a umoyo: lendi, chakudya, fizi, mapepala, ngongole, mantha ogwidwa. Malikisi ake musawaphatikize ndi a chikhalidwe. Mukawaphatikiza mudzatsegula kalasi yophunzitsa Chichewa kwa munthu amene landilodi wamupatsa masiku atatu.

Obwerera ku Joni nawo afunika gawo lawolawo, chifukwa mafomu ndatchulawa amafunsa munthu amene wafika kwa eni. Uyu wafika kwawo, ndiye anthu amaganiza kuti palibe choti azolowere. Komatu akatswiri anazindikira kale, kuyambira ndi a Gullahorn mu 1963, kuti kubwerera kumapweteka pakokha. Mtchona amene wakhala zaka khumi ku Johannesburg kapena ku Durban amapeza mitengo ya zinthu yasintha, anzake anabalalika, munda akulima ena, mwina banja linatha. Ana amene anabadwira komweko amalankhula Chizulu ndi Chingerezi ndipo anzawo amawaseka. Choposa zonse ndi manyazi. Abale amayang'ana chikwama, ndipo funso lakuti "mwatitengera chiyani?" limalasa munthu amene wabwera chimanjamanja, ngongole ya thiransipoti yopitira asanabweze. Funsani za manyaziwo mwachindunji, funsani ngati amapewa kupita kumudzi, funsani ngati amalingalira zobwereranso ngakhale akudziwa zimene anathawa. Amene anathawa ziwawa zochitira alendo ngati za mu 2008, 2015 ndi 2019, kapena amene anasungidwa ku Lindela, malo amene boma la South Africa limatsekerako alendo asanabwezedwe kwawo, angakhale ndi bala la zoopsa zimene anaona. Limenelo ndi bala lina, ndipo musalikumbe ndi fomu ngati mulibe munthu wophunzira woti alisamale.

Pa ululu weniweniwo muli ndi mwayi, chifukwa zida zoyesedwa zilipo ndipo simufunika kupeka zanu. Yosavuta kwambiri ndi SRQ-20 ya bungwe la World Health Organization. Ili ndi mafunso 20 oyankha inde kapena ayi, onena za masiku 30 apitawa: mutu, kusafuna kudya, kusagona, kuchita mantha msanga, manja kunjenjemera, kulira kawirikawiri, kutopa, kudziona wopanda pake, ndi ena otero. Inde aliyense ndi malikisi 1. Robert Stewart ndi anzake anaiyesa m'Chichewa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, zotsatira zake zinatuluka mu 2009, ndipo malire amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, kutanthauza malikisi osonyeza kuti munthu afunika kuonedwa ndi wachipatala, ndi 8 kupita m'mwamba. Ubwino wake ndi woti mafunso ambiri ndi a m'thupi, chimene chimagwirizana ndi mmene anthu athu amadandaulira, ndipo imatha m'mphindi zosapitirira khumi.

Fomu ya PHQ-9 imayang'ana matenda a kukhumudwa, kutanthauza chisoni chokhalitsa. Mafunso ndi 9, a masabata awiri apitawa, lililonse 0 mpaka 3, onse pamodzi 27. Pa 5 vuto ndi lochepa, pa 10 lapakati, pa 15 lalikulu, pa 20 lalikulu kwambiri. Michael Udedi ndi anzake anaiyesa konkuno ku Lilongwe pakati pa odwala shuga, ndipo mu 2019 analemba kuti malire a 9 ndiwo anagwira bwino. Pa kuona ngati munthu akusintha ndi thandizo, PHQ-9 imaposa SRQ-20, chifukwa ili ndi makwerero anayi pa funso lililonse. Kutsika ndi malikisi 5 kumatengedwa ngati kusintha kwenikweni. Kwa othawa kwawo kuli HSCL-25, ya mafunso 10 a nkhawa ndi 15 a kukhumudwa, lililonse 1 mpaka 4; mumaphatikiza n'kugawa ndi 25, ndipo malire odziwika ndi 1.75. Kulinso RHS-15, ya mafunso 14 ndi chithunzi cha choyezera kutentha chochokera 0 kufika 10, pamene munthu amaloza mmene wavutikira; malikisi 12 pa mafunsowo kapena 5 pa chithunzicho ndiye kuti afunika kuonedwa.

Sankhani chimodzi kapena ziwiri basi. Kwa bungwe laling'ono ngati lanu ndingatenge SRQ-20 kwa aliyense, PHQ-9 kwa amene apitirira malire kuti muziwatsatira.

Malirewo muwagwire ndi manja awiri. Malikisi 8 anapezedwa pa amayi a ku Thyolo, ndipo 1.75 anachokera pa othawa kwawo a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia amene anafika ku America. Palibe chotsimikiza kuti agwira chimodzimodzi pa bambo wa ku Congo. Abambo ambiri sangavomere kuti amalira. Mudzapeza bambo wa malikisi 4 amene amayamba kachasu m'mawa, amakalipa chilichonse, ndipo mkazi wake amagona ndi mantha. N'chifukwa chake ndi bwino kuwonjezera AUDIT, ya mafunso 10 a za mowa, imene malire ake ndi 8, komanso funso limodzi kapena awiri a kupsa mtima. Ndipo fomu siipeza matenda. Imangokuuzani amene ayenera kukaonana ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo. Kutopa, mutu ndi mtima kuthamanga zimabweranso ndi kuchepa magazi, malungo, chifuwa chachikulu, shuga, ngakhale mankhwala ena. Munthu wa malikisi ambiri a m'thupi okhaokha ayambe wapimidwa kuchipatala.

Mbali yachitatu ndi yaifupi. Funsani ngati munthu akukwanitsa ntchito zake. WHODAS 2.0 ya mafunso 12 ilipo, koma mungathenso kufunsa zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene anthuwo anena kuti munthu wabwinobwino amachita: kudzuka kukasaka ganyu, kusamalira ana, kukwera minibasi yekha kupita m'tauni, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, kucheza ndi oyandikana nawo. Muwonjeze funso lakuti: "M'masiku 30 apitawa, ndi masiku angati amene munalephereratu kugwira ntchito chifukwa cha maganizo?" Nambala imeneyi opereka ndalama amaimva msanga.

Kumasulira ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Za Chichewa pemphani zomasulira zimene zinayesedwa kale, musamasulirenso nokha. Za Chiswahili, Chikirundi, Chikinyarwanda kapena Chifalansa, ndiponso mafunso anu opanga nokha, tsatani njira iyi. Anthu awiri amasulire aliyense payekha. Akhale pamodzi ndi wachitatu agwirizane pa mawu amodzi. Wina amene sanaone fomu yoyamba abweze zomasulirazo ku chilankhulo choyamba, muone pamene tanthauzo lapotoka. Kenako muyese pa anthu 10, ndipo pa funso lililonse muziwafunsa kuti: "Mwamva kuti ndikufunsa chiyani?" Apa ndi pamene mudzagwire zolakwika zimene omasulira sangazione. Mawu oti kukhumudwa, mwachitsanzo, munthu angawamve ngati kukhumudwitsidwa ndi mnzake dzulo, pamene funso likunena chisoni chokhalitsa. Funso la kusadya liyenera kunena kuti "ngakhale chakudya chilipo", apo ayi mukuyeza njala. La kusagona lisiyanitse maganizo ndi udzudzu, phokoso la bala, kapena anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Chiswahili cha kum'mawa kwa Congo chimasiyana ndi cha ku Tanzania, ndiye womasulira akhale wa chilankhulo chimene anthu anuwo amalankhula.

Womasulira pakamwa asakhale mwana wa munthuyo, mwamuna wake, kapena mtsogoleri wa gulu lawo. Mayi sanganene kuti amalakalaka kufa kudzera pakamwa pa mwana wake wa zaka 12. Kwa anthu a ku Burundi, Rwanda ndi Congo mufunsenso mwakachetechete ngati ali omasuka ndi womasulira amene mwasankha, chifukwa mikangano imene anathawa ija ena anabwera nayo.

Mayankho a makwerero, monga "pang'ono", "pakatikati", "kwambiri", amasokoneza anthu amene sanazolowere mafomu, ndipo ambiri amangosankha la kumapeto kapena limene akuganiza kuti mukufuna. Ikani patebulo makapu anayi oonekera mkati: yopanda kanthu, ya madzi pang'ono, yopitirira theka, ndi yodzaza. Munthu aziloza kapu. Pa PHQ-9, imene imafunsa kuchuluka kwa masiku, ikani nyemba 14 ndipo munene kuti nyemba iliyonse ndi tsiku. Iye akankhire pambali masiku amene vutolo linalipo. Nyemba 0 kapena 1 ndi malikisi 0, nyemba 2 mpaka 6 ndi 1, nyemba 7 mpaka 11 ndi 2, nyemba 12 mpaka 14 ndi 3. Muwerengereni mafunso mokweza aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, kuti njira ikhale imodzi.

Fomu yonse isapitirire mphindi 40. Muyambe mwaiyesa pa anthu 30 mpaka 50. Funso limene aliyense akuyankha mofanana lichotseni, silikusiyanitsa kanthu. Anthu 20 muwafunsenso patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati mayankho asinthiratu popanda chimene chachitika, funsolo silikumveka. Wodziwa masamu a kafukufuku angakuwerengereni nambala yotchedwa Cronbach's alpha pa gawo lililonse, ndipo ikafika 0.70 ndiye kuti mafunso a gawolo akuyendera limodzi. Gawo lopanga nokhalo musalipekere malire. Mu lipoti muzingonena kuti anthu angati pa anthu angati anati chinthu chakuti chawavuta kwambiri.

Mayankho amapotokanso ndi zimene munthu akuyembekeza kwa inu. Akaganiza kuti malikisi ambiri abweretsa thumba la ufa kapena mwayi wotumizidwa kudziko lina, adzavomera chilichonse. Akaganiza kuti pepalalo lipita ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, adzakana chilichonse. Choncho wofunsa asakhale yemwe amagawa thandizo, tsiku lofunsa lisakhale tsiku logawa, ndipo poyamba penipeni munene momveka kuti mayankho sasintha zimene alandire, kuti ali ndi ufulu wokana kapena kulekera panjira, ndiponso kuti dzina lawo silikhala pa pepala. Lembani nambala pa fomu, mndandanda wa mayina muutsekere kwina. Za mapepala a munthu funsani kuti nkhaniyo ikumuvuta bwanji, osalemba ngati ali nawo kapena alibe. Chezani m'chipinda chotseka kapena pansi pa mtengo patali ndi mzere. Ngati zotsatira mukufuna kuzifalitsa ngati kafukufuku, pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee, musanafunse munthu woyamba.

Funso la 17 pa SRQ-20 ndi la 9 pa PHQ-9 limafunsa za maganizo ofuna kudzipha. Ena amalidumpha poopa kuti aika maganizowo mwa munthu. Kufunsa sikuika maganizo otero, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Munthu akavomera, malikisi ena onse alibenso ntchito tsiku limenelo. Ikani cholembera pansi. Mufunseni modekha ngati waganiza njira, ngati chinthucho ali nacho pafupi, monga mankhwala a mbewu kapena a makoswe, ngati waika tsiku, ndiponso ngati anayesapo kale. Akavomera chimodzi mwa zimenezi musamusiye yekha, gwirizanani naye za munthu mmodzi amene amamukhulupirira woti adziwe ndi kuchotsa zinthuzo m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musanayambe ntchito yonseyi pitani nokha mukadziwane ndi anamwino a za maganizo a ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe kapena a St John of God, mukhale ndi nambala ya foni ya munthu amene adzayankhe, ndiponso ndalama ya thiransipoti yosungira zoterezi. Ngati mulibe kotumiza munthu, dikirani kaye kufunsa.

Nthawi yoyeza nayo ili ndi nkhani yake. Mu 1955 Sverre Lysgaard, atafufuza anthu a ku Norway amene anakaphunzira ku America, anati mlendo amayamba ndi chisangalalo, kenako amagwa, kenako amadzuka. Maganizo amenewa anafala kwambiri, koma Colleen Ward ndi anzake atatsatira ophunzira a ku Japan ku New Zealand, analemba mu 1998 kuti kuvutika kunali kwakukulu pofika penipeni. Kwa munthu wothawa nkhondo kapena wobwezedwa pa basi, chisangalalo choyambacho musachiyembekeze. Lembani miyezi imene munthu wakhala kuno, muyezeni pomulandira, pakatha miyezi 3, ndi pakatha miyezi 6. Lembaninso mwezi wake. Mukayeza koyamba mu February chimanga chitakwera mtengo, n'kudzayezanso mu May anthu atakolola, malikisi adzatsika ngakhale simunachite kanthu. Komanso anthu amabwera kudzafuna thandizo pamene zafika poipa, ndiye ena amatsika okha pakapita nthawi. Ngati muli ndi anthu amene akudikira kulowa m'ndondomeko yanu, ayezeni nawonso pa nthawi zomwezo kuti mukhale ndi pofanizira.

Powerenga zotsatira muziika mbali zitatu zija pafupi. Tiyerekeze anthu awiri, onse apeza 11 pa SRQ-20. Woyamba ndi mayi wa ku Congo amene gawo la umoyo lili bwino chifukwa mchimwene wake amamutumizira ndalama, koma pa chilankhulo, kusalidwa ndi kusowa anzake waloza kapu yodzaza, ndipo sanatuluke pa geti milungu itatu. Wachiwiri ndi mnyamata wobwerera ku Joni amene Chichewa ndi chake, maliro amawadziwa, koma ali ndi ngongole, akugona pakhonde pa malume ake ku Area 36, ndipo sanapite kumudzi chifukwa cha manyazi. Mayiyu afunika mnzake wa m'dera womuperekeza kumsika ndi kusikelo ya mwana, ndi gulu la amayi lomulandira. Mnyamatayu afunika pogwira ndi wina woyamba kulankhula ndi abale ake. Onse awiri afunika kuonedwa ndi wachipatala chifukwa apitirira 8.

Mu lipoti lanu ikani chiwerengero cha amene munawayeza, amene anapitirira malire, mavuto asanu otchulidwa kwambiri pa gawo la chikhalidwe ndi asanu pa gawo la umoyo, masiku olephera ntchito, amene munawatumiza kuchipatala ndi amene anafikadi. Gulu lililonse likhale ndi mzere wake, amayi ndi abambo padera. Musaiwale kulemba amene sanabwerenso pa kuyeza kwachiwiri. Ngati munayamba ndi anthu 60 ndipo pa miyezi 6 mwapeza 35, kutsika kwa malikisi kungakhale chifukwa choti ovutika kwambiri ndiwo asowa: wina wabwerera ku Joni, wina wapita ku Dzaleka, wina wangodzitsekera m'nyumba. Pa tsiku loyamba pemphani aliyense nambala ya foni yachiwiri, ya munthu amene angadziwe kumene ali, ndipo mu bajeti muikemo ndalama ya kabaza yokawayendera 25 enawo.